Geni ya ku Mozambique ndi nkhani ya nkhondo, ndikuyankheni achemwali

Achemwali mwafunsa kuti geni ya ku Mozambique imayenda bwanji, ngati pamafunika pasipoti, komanso mwati bambo a kunyumba akukukanizani ati kumeneko kuli nkhondo. Ine kwathu ndi ku Lizulu ndipo geni yanga ndi yomweyi, nde ndikuuzani mmene ndimaionera.

Kaye muyambe mwadziwa kuti kuno malire si mpanda kapena mtsinje ayi. Mukamachoka ku Dedza kulowera ku Ntcheu pa M1, malo ambiri msewu womwewo ndiwo malire, kumanzere Malawi kumanja Mozambique, boma la Angonia. Pa Lizulu munthu amagula tomato ku Malawi nkuoloka tala kukamwa fanta ku Mozambique. Anthu ake ndi amodzi, Angoni ndi Achewa, chiyankhulo chomwechi kungoti iwo amathiramo Chipwitikizi makamaka powerenga ndalama. Nde musaope kuti mukasowa woyankhula naye.

Ma boda enieni a mbali ino ndi awiri, wa Dedza womwe tsidya linalo amati Calomue, ndi wa Biriwiri kufupi ndi Ntcheu boma. Misewu yake imakakufikitsani ku Villa Ulongwe, tawuni yaikulu ya Angonia, ndipo mukapitirira mufika ku Tete. Viza sitilipira. Ngati mukungolowa pafupi nkubwerako pali border pass ya a Immigration, koma ngati mukufuna Tete, Chimoio kapena Beira pangitsani pasipoti basi, ndipo muzionetsetsa kuti adinda polowa ndi potuluka pomwe chifukwa chidindo chimodzi chikasowa mlandu wake umaposa phindu la ulendo wonsewo.

Katundu amayendera nyengo komanso ndalama. Ku Angonia ndi ku Tsangano amalima kwambiri mbatatesi, nyemba, soya ndi chimanga, nde nthawi yokolola ife timakapikula kumidzi, ena pa ndowa ena pa sikelo, anyamata a njinga zamoto amatitutira mpaka pamsewu. Sikelo tengani yanu. Za mugolosale monga mafuta ophikira, supageti, sopo, karapao ndi zitenje zimadalira kuti kwacha ili bwanji pa metikali, ndalama ya ku Mozambique. Mu November 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti zinthu zinatembenuka usiku umodzi, amene timakaoda kwa iwo anayamba kubwera okha kudzaoda kuno chifukwa ndalama yawo inali ndi mphamvu. Nde musanakwere minibasi funsani reti kwa osintha ndalama awiri kapena atatu, ndipo muwerenge nokha pamaso pawo, osamubwezera mpukutu kuti awerengenso iye.

China chomwe ambiri sadziwa, Mozambique sili mu COMESA, bungwe la zamalonda la maiko momwe muli Malawi ndi Zambia. Fomu yophweka ija ya amalonda ang'onoang'ono imene anzathu amagwiritsa ntchito ku Mchinji polowa ku Zambia musaiyembekezere mofanana kuno. Pali mgwirizano wa SADC ndi wina wa maiko awiriwa, koma kuti mupindule nawo pamafunika mapepala osonyeza kumene katundu anapangidwa. Pitani pa MRA mufunse dyute ya katundu wanuyo musanagule, osati mutafika naye kale pageti. Njira zachidule zilipo zambirimbiri, sindikunamizani, malire otalika chonchi angalondere ndani, koma tsiku lomwe adzakugwirani amatenga katundu yense ndipo mulibe kokadandaula.

Tsopano za nkhondozo. Bambo akunyumbawo sakunama kwenikweni, kungoti akusakaniza nkhondo zingapo. Imene ikumveka pa wailesi masiku ano ndi ya ku Cabo Delgado, inayamba mu 2017, ndipo ili kutali kumpoto kumalire ndi Tanzania, kumene asilikali a Rwanda anapita mu 2021. Ku Angonia siinafike. Nkhondo imene inatikhudza ife inali ya Frelimo, chipani cholamula, ndi Renamo, gulu loukira boma, kuyambira 1977 mpaka 1992, ndipo geni mukuifunsayi inabadwa tsiku limene nkhondo imeneyo inatha.

Ine ndinali mtsikana nthawi imeneyo. Tsidya la msewu masitolo a Apwitikizi anali mabwinja okhaokha, makoma obooka ndi zipolopolo, madenga anasasulidwa. Mbali ya Malawi misasa ya udzu inangoti mbwee kuyambira ku Dedza mpaka ku Biriwiri, othawa nkhondo anakwana pafupifupi 1 miliyoni m'dziko lonse, ambiri ku Nsanje, Mwanza, Dedza ndi kwathu ku Ntcheu. Azimayi amaoloka mbandakucha kukakumba chakudya m'minda yomwe anaisiya, dzuwa lisanakwere abwerera, ena osabwerako. Mitengo ya m'mapiri muno inathera nthawi imeneyo, anthu onsewo amafuna nkhuni ndi milimo. Geni yomwe inalipo inali yosinthana ufa ndi mafuta a chithandizo ndi ndiwo zamasamba kapena sopo, basi.

Dziko lonse linamva kuwawa. Njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala zinaduka, mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unaphulitsidwa mu 1986, nde fodya, tiyi, feteleza ndi mafuta zimazungulira ku Durban, mtengo wa thiransipoti nkukwera zinthu m'sitolo nkudula. Mathiraki odutsa ku Tete kuchoka ku Mwanza kupita ku Nyamapanda amayenda pamdipiti moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe. Pandale napo panali povuta, pulezidenti wawo Samora Machel amanena kuti Kamuzu akusunga a Renamo, mpaka mu September 1986 anabwera ku Blantyre limodzi ndi Mugabe ndi Kaunda kudzamuchenjeza kuti atseka malire. Mwezi wotsatira Samora anafa pa ngozi ya ndege, ndipo chaka chinacho asilikali athu anapita kukalondera njanji ya Nacala.

Zokambirana za mtendere sizinali za tsiku limodzi. Anayambitsa ndi atsogoleri a mipingo, makamaka Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira, kenako gulu la Akatolika la Sant'Egidio linaitanira boma ndi Renamo ku Rome mu July 1990. Anakhala akukokanakokana zaka ziwiri ndi miyezi. Ndipo pali kanthu kena kamene wamalonda aliyense ayenera kukamvetsa. Mu December 1990 anagwirizana pang'ono kuti asilikali a Zimbabwe azingokhala m'njira ya Beira ndi ya Limpopo. Kwa omva pa wailesi inali nkhani yabwino. Koma njira ya Tete, imene ife Amalawi timadalira, munalibe mu pepalalo, operekeza aja anachoka, mathiraki anayamba kuotchedwa ndipo madalaivala ambiri anayamba kuzungulira ku Zambia. Anthu anasainirana ku Rome, amene analipira ndi wogula shuga ndi palafini ku Ntcheu. Kuyambira pamenepo ine ndikamva kuti akuluakulu agwirizana ndimafunsa kaye kuti msewu wanga ulimo kapena mulibe.

Chilala cha 1992 chinathandizira, mbali zonse zinalibe chodyetsa asilikali. Pa 4 October 1992 pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama anasaina ku Rome. A United Nations anabwera kudzalanda mfuti, Renamo inasanduka chipani, chisankho chinachitika mu October 1994. Chaka chomwecho kuno tinali titavota kale mu May, Kamuzu nkutsika. Ngakhale a Payoniya atathamangitsidwa ndi asilikali mu December 1993 ambiri anathawira komweko ku Mozambique, ndale zathu ndi zawo sizisiyana kutali.

Nde othawa nkhondo aja anabwerera kwawo, ambiri wapansi, atasenza malata ndi zitseko. Anakapeza minda itagonera zaka zambiri, nthaka yabwino, malo aakulu, koma misewu yopita ku Tete ndi ku Beira yoipa komanso mabomba okwirira ali paliponse. Msika wapafupi unali M1 yathuyi. Ana awo anaphunzira sukulu za kuno, ena anakwatira kuno, manambala a anzawo ali kuno. Ndi chifukwa chake mpaka lero mlimi wa ku Angonia amalandira kwacha osadandaula, ndipo mbatatesi zambiri zomwe mumadya tchipisi ku Lilongwe ndi ku Blantyre mumati za ku Ntcheu koma zina zinalimidwa tsidya. Zoipa zinabweranso, mfuti za AK47 zimene sizinaperekedwe zinalowa kuno ndipo umbava wa mfuti unakula zaka zimenezo.

Kwa ine vuto la pangano la ku Rome linali loti anathetsa kuombana koma sanagawane kudya. Wopambana amatenga zonse, mpaka abwanamkubwa a zigawo zimene Renamo inapambana amasankhidwa ndi pulezidenti. Nde mu 2013 Dhlakama anayambiranso ali ku Gorongosa. Pofika 2015 ndi 2016 anthu a ku Tete anathawiranso kuno, ku Kapise ku Mwanza, kenako anawasamutsira ku Luwani ku Neno. Msewu wochoka ku Chimoio kubwera ku Tete unabwereranso pa mdipiti wa asilikali, mathanki a mafuta obwera kuno ena anaotchedwa. Amene timaoda ku Beira tinaima, ndalama ya ngongole ili m'manja chiwongoladzanja chikuwerengedwa. Kumapeto kwa 2016 Dhlakama ndi pulezidenti wa nthawiyo Filipe Nyusi anayankhulana pa foni nkuimitsa kuombana, Dhlakama anamwalira mu May 2018, ndipo pa 6 August 2019 Nyusi anasaina ndi Ossufo Momade, amene analowa m'malo mwa Dhlakama, ku Maputo. Ulendo uno anasintha malamulo kuti abwanamkubwa azichokera m'mavoti, ndipo kampu yomaliza ya Renamo inatsekedwa mu 2023.

Musaganize kuti zinatheratu. Chisankho cha October 2024 chitachitika, otsatira Venâncio Mondlane anakana zotsatira zoti Daniel Chapo wapambana, misewu inatsekedwa ndi matayala oyaka, mathiraki anaima, kuno mafuta omwe amasowa kale chifukwa cha forex anasoweratu, ndipo anthu anathawiranso ku Nsanje. Zinazizira pamene awiriwo anakumana mu March 2025. Nkhondo siinali, koma kwa munthu amene wakweza karapao pa thiraki yomwe yaima pamsewu dzuwa likuswa, kusiyana kwake nkochepa.

Nde mukawauze bambowo chonchi. Angonia kuli bata, anthu tikuoloka tsiku ndi tsiku. Yambani ndi pafupi, Calomue, Villa Ulongwe, misika ya m'malire, ndi mpamba woti utatayika simugulitsa munda. Ulendo woyamba mupite ndi munthu wozolowera akakuonetseni alimi ndi osintha ndalama odalirika. Chaka cha chisankho ku Mozambique, ndipo chotsatira chachikulu ndi 2029, musaike ndalama zonse mu katundu wochokera kutali kapena woola msanga, ndipo osapereka ndalama ya chikole yaikulu kwa munthu wa ku Beira. Pezani nambala ya dalaivala wa thiraki mmodzi woyenda njira ya Tete, amenewo amadziwa kuti msewu watsekedwa wailesi isananene. Ndipo mukakhala tsidya nkhani za Frelimo ndi Renamo muzingomvera, osayankhira, olo wogulitsayo ayambe yekha.

Mundiuze katundu amene mukufuna kuyamba naye ndi kumene mukagulitsire, ndikuuzani ngati boda ya Dedza kapena ya Biriwiri ingakuchitireni bwino.