Mukaika injini yaikulu mu Mark X siikhala Bugatti, achimwene

Achimwene ena a ku Luchenza anditumizira imelo sabata yathayi, akuti: "Bwana makaniko, tikukangana ndi mlamu wanga. Iye akuti magalimoto othamanga ngati Bugatti aja chinsinsi chake ndi injini basi, ndiye titapeza injini yaikulu n'kuika mu Mark X yanga nanenso ndingawapitirire. Zoona zimenezi?"

Achimwene, alamu anuwo muwagulire Fanta koma musawapatse sipanala. Ine zaka zomwe ndakhala ndikugona pansi pa magalimoto pa galaji kuno ku Thyolo zandiphunzitsa kuti injini ndi gawo losavuta la nkhaniyi. Chovuta n'kuti galimotoyo isapse komanso isauluke.

Tiyambe ndi injini yomweyo poti ndiyo ikukusowetsani tulo. Bugatti Veyron inatuluka mu 2005 ndi injini ya malita 8, masilinda 16, matebo anayi, mphamvu 1,001 hosipawa, liwiro mpaka makilomita 407 pa ola. Mng'ono wake Chiron, wa mu 2016, anafika 1,500 hosipawa. Ankazimanga ku Molsheim ku France, ndi manja, pang'onopang'ono. Chiron pomwe inkatuluka mtengo wake unali cha m'ma 2.4 miliyoni euro, musandifunse kuti mu kwacha ndi zingati, foni yanga ingatenthe.

Nde nkhani ya kutenthayi. Munakwerapo minibasi yodzadza kuchokera ku Limbe, matumba a chimanga pansi pa mipando, n'kufika pa chitunda injini yayamba kuwira? Dalaiva amaima, mukutsika nonse akutsogolo, kondakitala wanyamula chigubu cha madzi, mpando autukula, atsegula radiyeta ndi chinsanza nthunzi phwiii aliyense kuthawa. Imeneyo ndi injini ya masilinda anayi okha. Petulo akamayaka mu injini mphamvu yambiri siipita ku matayala ayi, imasanduka moto. Ndiye ganizani masilinda 16 ndi matebo anayi akukankha mpweya mokakamiza. Veyron ili ndi maradiyeta 10 achimwene, khumi! Ena a madzi a injini, ena oziziritsa mpweya wochokera ku matebo, ina ya oyilo wa injini, ina ya oyilo wa giyabokosi, mpaka ya difu. Mabowo akuluakulu mumawaona m'mbali mwa magalimoto amenewa aja si okongoletsa, ndi pakamwa popumira. Mark X yanu radiyeta ndi imodzi, zisanu ndi zinayi zinazo muziika pati, pa mpando wa madamu?

Chachiwiri ndi mphepo, ndipo apa ndi pomwe ine ndimagoma napo. Tulutsani dzanja pawindo galimoto ikuthamanga 60, kenako 120. Liwiro mwangowonjezera kawiri koma mphepo ikukukankhani kanayi, ndipo mphamvu yofunika kuiboola ndi kasanu ndi katatu. Pa 400 mpweya umakhala ngati ukuyenda m'phala. Choopsa china mukapendeketsa dzanja lija pang'ono limanyamuka lokha, eti? Galimotonso imafuna kunyamuka choncho, ndege zazikulu zonyamula anthu zimadzuka pansi zisanafike n'komwe pa liwiro limeneli. Ndiye mainjiniya amaumba pansi pa galimoto ndi phiko lakumbuyo kuti mphepo iziipanikizira pa msewu, koma akapanikiza kwambiri liwiro limatsika, akachepetsa imauluka, ndiye amakhalira kuyeza pakatikati pamenepo zaka. Veyron ukafuna liwiro lake lonse umaima kaye, n'kulowetsa kiyi yachiwiri pambali pa mpando, iyo imadzitsitsa yokha kutsala masentimita 6 ndi theka kutsogolo kuchokera pansi, phiko n'kugona. Ukaponda buleki mwamphamvu phiko lomwelo limaimirira n'kumagwira mphepo kuthandiza mabuleki.

Mabuleki ake ndi a carbon ceramic, chifukwa achitsulo wamba akatentha amasiya kugwira, amene munatsikapo zigwa za ku Thekerani ndi lole yodzadza nthochi mukulidziwa fungo lake lija. Matayala anachita kuwapangira apadera a Michelin, poti tayala wamba pa liwiro limenelo limangosweka. Ndipo tanki ya malita 100 imatha pa mphindi pafupifupi 12 ukaiponda mpaka pansi. Ife timagona pa filing'i siteshoni kudikira malita 10.

Koma mukandifunsa ine, galimoto yomwe imandisangalatsa kuposa zonse si Bugatti, ndi McLaren F1 ya mu 1992, ndipo anaijambula ndi Gordon Murray, mwana wobadwira ku Durban pa Joni pompa. Iyeyu nzeru yake inali yosiyana, m'malo mowonjezera mphamvu ankachotsa kulemera. Thupi lonse carbon fibre, yolimba koma yopepuka, galimoto yonse makilogalamu cha m'ma 1,140 pomwe Veyron imayandikira matani awiri. Injini V12 ya BMW yopanda tebo. Dalaiva amakhala pakati penipeni, okwera awiri m'mbali mwake chakumbuyo pang'ono, ngati kabaza wonyamula awiri koma wa anthu olemera. Mozungulira injini anamatamo golide weniweni wopyapyala chifukwa amabweza kutentha bwino, nkhani ija ya moto yabweranso. Anapanga 106 zokha, ndipo mu 1998 ina inathamanga makilomita 386 pa ola. Injini kuiika pakati kumbuyo kwa dalaiva n'kuti kulemera kugawike bwino pokhota, njira yomwe Lamborghini Miura inatchukitsa mu 1966. Mark X injini ili kutsogolo, mukaikamo chimphona chija pa kona yoyamba ya m'minda ya tiyi mukadzapezeka mukuthyola nawo masamba.

Mlamu wanuyo mumufunsenso kuti akaithamangitsira kuti. Dalaiva woyesa magalimoto Andy Wallace pomwe anafikitsa Chiron pa makilomita 490 pa ola mu 2019 anali pa msewu woyeserera wa Volkswagen ku Ehra-Lessien ku Germany, wowongoka pafupifupi makilomita 9, wopanda mbuzi, wopanda njinga ya makala, wopanda chiperoni. Kuno ingachoke pa Limbe bwinobwino n'kukakhala pamimba pa hampu yoyamba ya pa Bvumbwe, amayi a tomato n'kumaijambula.

Mark X yanuyo bwerani nayo Loweruka tiione mapulagi ndi mashokapu, mwati ikugogoda kumbuyo eti.