Kugwirira ntchito kunyumba si kulera mwana

Mayi wina wandilembera imelo. Ali pa ntchito ya tsiku lonse, ali ndi mwana wa zaka 3, ndipo akufunsa ngati n'kwanzeru kupempha abwana kuti azigwirira ntchito kunyumba n'cholinga choti azikhala ndi mwanayo. Achemwali, imelo yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa njira imeneyi ndinayendamo.

M'chaka cha 2020, Covid-19 itavuta, nafenso anatiuza kuti tizigwirira kunyumba. Ndinakondwa kwambiri. Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka 2, ndiye mumtima ndinkati tsopano ndizimuona akukula. Sabata yoyamba zinayenda. Yachiwiri zinthu zinayamba kusokonekera. Msonkhano wa pa Zoom uli mkati, iye ali pachitseko kugogoda, "Amama, tsegulani!" Ine kutseka maikolofoni, kumunyamula, kumupatsa foni kuti atonthole, pobwerera pa kompyuta anzanga agwirizana kale zinthu zimene sindinazimve. Ntchito yotsala masana ndinkaimaliza iye atagona, nthawi zina mpaka 1 koloko usiku. Kukacha, maso ali psuu, mtima uli pafupi.

Tsiku lina anakoka chingwe cha kompyuta lipoti ndisanalisunge. Ndinamukalipira kwambiri moti anathawira kuseri kwa mpando. Sanalire. Anangondiyang'ana duu. Maso amenewo mpaka lero amandibwerera. Tinkakhala m'nyumba imodzi kuyambira m'mawa mpaka usiku, koma mwanayo analibe mayi.

Ndiye ndinene mosapsatira mawu. Mwana wa zaka 3 amafuna munthu womuyang'anira ndi maso onse awiri, ndipo ntchito ya maola 8 imafunanso mutu wanu wonse. Amene angakuuzeni kuti amakwanitsa zonsezi pa nthawi imodzi, dziwani kuti alipo wina amene akumulerera mwana, kungoti sakumutchula.

China chimene chimandiwawa n'chakuti maimelo otere amandilembera ndi amayi okhaokha. Abambo ali kuti? Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linakhazikitsa pangano la nambala 156 mu 1981, lokhudza ogwira ntchito amene ali ndi udindo wosamalira banja, ndipo limanena za amuna ndi akazi omwe. Zaka zoposa 40 zadutsa, komabe bambo akati aweruke msanga kuti akatenge mwana kusukulu, anzake amamuona ngati wopepera. Kwathu zinthu zinasintha titakhala pansi ndi amuna anga n'kugawana masiku, nawonso n'kukapempha kwa abwana awo. Inu musanapemphe kuntchito, yambani mwapempha kunyumba, ngati bambo a mwana alipo.

Ndiye pali foni. Mukangoloredwa kugwirira kunyumba, ena amayesa kuti mwasanduka wopezeka nthawi iliyonse. Uthenga wa pa WhatsApp 9 koloko usiku, "tangoonani kachikalata aka." Ku France anachita kuika m'malamulo mu 2017 kuti makampani a antchito 50 kapena kuposa azikambirana ndi antchito awo za ufulu wosayankha mauthenga akaweruka. Nkhani ikafika pofuna lamulo ndiye kuti yakula. Ine ndimati ntchito yopanda ola loweruka ndi yoipa kuposa ya mu ofesi, chifukwa ya mu ofesi imakhala ndi chitseko chotulukira.

Nanga mupemphe chiyani?

Ngakhale ku Britain, kumene kuyambira mu April 2024 wantchito angathe kupempha kusintha kagwiridwe ka ntchito pa tsiku loyamba lenilenilo lolowa ntchito, lamulo limangomupatsa ufulu wopempha, abwana angathe kukana pa zifukwa za ntchito. Choncho pitani ndi pempho loti iwonso aone kuti ntchito yawo siima.

Pemphani kusintha maola, monga kulowa 7 koloko n'kuweruka 3 koloko. Ngati mukufuna masiku ogwirira kunyumba, awiri pa sabata ndi okwana, ndipo womulera mwana akhalepo masiku amenewonso. Auzeni kuti muyesere kwa miyezi 3 kenako muunikenso limodzi. Zonse zilembedwe, makamaka ola limene foni ya ntchito muziizimitsa. Langa ndi 4 koloko, ndipo mwana wanga amalidziwa.