Kugula pulinta kapena kupita kwa akatswiri osindikiza?

Amayi ena ojambula ndi utoto pa chinsalu andilembera imelo. Akuti anthu amazikonda zojambula zawo, koma ambiri sakwanitsa mtengo wake, ndiye akufuna kuyamba kugulitsa makope osindikiza pa pepala. Funso lawo ndi lakuti, kodi agule pulinta yawoyawo kapena ntchitoyi aziipereka kwa akatswiri?

Mayi, musathamangire kugula pulinta. Ndalama yoyamba ipite pa kujambulitsa chojambulacho kuti chilowe bwino mu kompyuta, chifukwa kope lililonse lidzachokera pa fayilo imeneyo. Ikakhala yoipa, palibe makina amene angaikonze. Kuti kope la A3 lituluke losawirira, pamafunika madontho 300 pa inchi iliyonse, kutanthauza chithunzi cha mapikiselo pafupifupi 3,500 m'lifupi ndi 5,000 m'litali. Chithunzi cha pa foni chomwe chadutsa pa WhatsApp sichifika pamenepo, popeza chimafinyidwa potumiza. Komanso utoto wa akiriliki ndi wa mafuta umanyezimira, ndiye pamafunika munthu wodziwa kuika magetsi awiri mbali ndi mbali kuti kuwala kusaphimbe mizere ya burashi yanu. Zojambula zazing'ono za pa pepala zingathe kulowa mu sikana, koma chinsalu chachikulu chimafuna kamera yabwino.

Tsopano za pulinta. Mapulinta ambiri a m'nyumba ndi m'maofesi amakhala ndi mitundu inayi yokha ya inki, ndipo mitundu yowalayo nthawi zambiri imakhala ya dye, inki yosungunuka m'madzi. Tsiku loyamba imakongola zedi. Koma kopelo likapachikidwa pa khoma loyang'ana zenera, limasuluka ngati chitenje choiwalika pa chingwe. Makope amene malo ogulitsira zaluso amawatchula kuti giclée amasindikizidwa ndi inki ya pigment, ya tinthu tolimba tosasuluka msanga, pa pepala lathonje lopanda asidi monga la Hahnemühle kapena Canson. Makina ake ndi monga Epson SureColor P900 wa mitundu 10 kapena Canon PRO-1000 wa inki 12, onse ofika pa A2.

Makina otere ndi abwino, sindikana. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi moyo wake akafika pakhomo. Inki ndi pepala zimachokera kunja, ndipo mtundu umodzi ukatha ntchito yonse imaima mpaka wina abwere nawo kuchokera ku Johannesburg kapena kwina. Akakhala masabata osagwira ntchito, timabowo totulukira inki timatsekeka, ndipo kutitsuka kumadyanso inki yomweyo. Onjezerani fumbi la mu Okutobala, chinyezi cha dzinja chomwe chimapinda pepala, ndi magetsi othima pepala lili pakati. Kwa munthu wogulitsa makope ochepa pa mwezi, ndalama zimathera m'makina m'malo mobwerera m'thumba. Ndipo nthawi yolimbana ndi mitundu ya pa sikirini yosafanana ndi ya pa pepala ndi nthawi imene mukanakhala mukujambula. Zimenezo zimandipweteka kwambiri, chifukwa luso lanu lili m'manja mwanu.

Koma si aliyense wolemba kuti "timasindikiza" amene angathe ntchitoyi. Wosindikiza mabanala a ukwati ndi makalendala ali ndi luso lake, losiyana ndi ili. Mufunseni mtundu wa inki ndi dzina la pepala. Akuyeserani kope limodzi laling'ono, mulitengere panja pa mthunzi, muliike pambali pa chojambula chenicheni. Yang'anitsitsani khungu la anthu, zofiira ndi malo amdima, pakuti m'menemo ndi momwe zimalakwikira. Mukakhutira, sungani kopelo kuti otsatira onse azifanizidwa nalo, ndipo fayilo yaikulu ikhale ndi inu.

Chinanso, kugulitsa chojambula sikutanthauza kuti mwagulitsa ufulu wochisindikiza, pokhapokha mutagwirizana choncho. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza umwini wa ntchito zaluso, ndipo a COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso m'Malawi, angakufotokozereni zambiri. Mukalonjeza makope 50, lembani 1/50, 2/50 ndi pensulo m'munsi, musaine, ndipo musadzapitirire 50 ngakhale atathamanga bwanji.

Makadi a moni ndi timakope ta A5 togulitsa pa zionetsero mungathe kusindikiza kunyumba, bola muwauze ogula zoona za inkiyo. Za pulinta yaikulu tidzakambirane pamene maoda ayamba kubwera sabata ndi sabata.