Phungu wathu watifunira Khirisimasi yabwino, kodi ndimuyankhe chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa m'chigawo chapakati amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti pa gulu la WhatsApp la anthu a kumudzi kwawo panabwera chithunzi cha phungu wawo atavala suti, pansi pake pali mawu othokoza anthu chifukwa chomukhulupirira komanso owafunira Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano chopambana. Iwo mtima unawawa, n'kulemba pomwepo kuti mlatho wa kwawo udakali chigumukire. Madzulo ake bambo awo anawaimbira foni n'kuwadzudzula kuti achitira mwano munthu wamkulu pagulu. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi ndinalakwa? Nanga mafuno abwino a anthu andalewa ali ndi phindu lanji kwa ife?"

Mayi, zikomo pondilembera. Bambo anuwo sindingawatsutse kotheratu. Kwathu kuno moni sakana. Ngakhale munthu amene muli naye ngongole akakupezani pakhonde n'kukupatsani moni, mumayamba mwavomera, mumuyalire mphasa, za ngongolezo zibwere pambuyo. Phungu akanati zii chaka chonse mpaka Khirisimasi kudutsa, tikanadandaulanso kuti munthuyu tinamuvotera koma watitaya. Choncho kuthokoza n'koyenera, ndipo ine ndimakondwa mtsogoleri akakumbukira kuti mpandowo anamukhazikapo ndi anthu.

Koma funso lanu la mlatho silinali mwano. Walira mvula walira matope. Munthu amene anayenda mudzi ndi mudzi kupempha voti anapemphanso mafunso, ndipo palibe nthawi yabwino yofunsira kuposa kumapeto kwa chaka, pamene iye mwini watsegula pakamwa kuti "zikomo". Chimene chimandipweteka ine pa mauthenga ambiriwa n'chakuti mulibe dera lathu m'katimo. Mutachotsa chithunzi ndi dzina, uthenga womwewo ungatumizidwe ku Nsanje, ku Chitipa kapena ku Likoma osasintha liwu ngakhale limodzi. Dziko lino tsopano lili ndi madera a aphungu 229 ndi mawodi a makhansala 509, kuyambira pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, ndipo dera lililonse lili ndi mtsinje wake, msika wake, sukulu yake yodontha. Munthu wothokoza kuchokera pansi pa mtima amatchula chimene akuthokozera.

Ganiziraninso nyengo imene mauthengawa amafika. Disembala kumudzi ndi mwezi wovuta. Chimanga chili m'mawondo, nkhokwe zambiri zapepuka, anthu ali kalikiliki kupalira ndi kusaka feteleza wobereketsa, ena akupita kuganyu kuti apeze ufa wa tsiku limenelo. Mu Januwale ana akufuna fizi. Mpunga ndi nkhuku ya pa Khirisimasi mabanja ambiri amachita kuzilimbanira, nthawi zina ndi ndalama zimene anthu ngati inu mwatumiza kuchokera ku Joni. Munthu wotere ukamuuza kuti "sangalalani" osaonetsa kuti ukudziwa mmene akukhalira, mawuwo amamudutsa pamwamba.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Chaka china ndinagona pa chipatala china chaching'ono, ndikudikirira mlamu wanga amene anachira usiku wa pa 24 Disembala. Magetsi kunalibe, anamwino anagwira ntchito ndi tochi ya pafoni, ine ndi amayi ena tikutunga madzi pa mjigo wa kuseri. M'mawa kunafika galimoto ziwiri. Wandale wina anatsika ndi mabeseni, zitenje, sopo ndi shuga. Mlamu wanga analandira ndi manja awiri, ndipo kunena zoona beseni lija linathandiza, anasambitsiramo mwana kwa miyezi. Koma mlendoyo sanakhale ngakhale mphindi makumi awiri. Anajambulitsa atanyamula khanda, n'kunyamuka. Namwino amene sanagone usiku wonse anaima pakhomo manja ali m'thumba, palibe anamufunsa kuti magetsi anazima liti. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope ya namwinoyo mtima umandiwawa, chifukwa funso limodzi lokha likanamupepuza kuposa shuga.

Ndinaonanso zosiyana ndi zimenezi. Khansala wina, munthu woyenda pa njinga yamoto yakutha, anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango patatsala masiku atatu kuti chaka chithe. Anabwera ndi kope la sukulu. Anathokoza amfumu, anathokoza amayi amene anatuta mchenga wa chipinda chophunziriramo, anatchula midzi imene inaumba njerwa. Kenako anawerenga zimene analonjeza, n'kunena poyera kuti mijigo iwiri yatheka, koma msewu walephereka ndipo ku khonsolo anauzidwa kuti udikire. Anthu anang'ung'udza, mkulu wina anamupanikiza ndi mafunso mpaka thukuta, koma pobalalika anamugwira chanza mmodzimmodzi. Pamsonkhanowo sipanagawidwe ngakhale paketi ya mchere.

Za mphatso ndiwonjezerepo pang'ono, poti ambiri sadziwa. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti, ndipo chilango chake chimafika K10 miliyoni ndi zaka 5 kundende. Sikuti aliyense wopita ndi sopo kuchipatala waphwanya lamulo ayi, kucheza ndi odwala ndi khalidwe lathu. Kungoti ife olandira tisamaone mphatso ngati malipiro otitseka pakamwa. Mpikisano wa mpira wa bonanza, mbuzi ya pa Khirisimasi, thumba la mpunga kwa agogo, zonsezi landirani ndi kuthokoza, koma sizilowa m'malo mwa ntchito imene munthuyo tinamutuma.

Tsono pa mlatho wanuwo, nkhani yake ndi yofunika kuifunsa pa khomo loyenera. Ntchito yeniyeni ya phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti, kulondoloza boma ndi kulankhula za dera lake ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Chitukuko cha m'mudzi chimayenera kuyambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), chipite ku komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu (ADC), kenako ku khonsolo, kumene khansala ndiye maso athu. Zinthu zinasokonekera chifukwa kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo m'zaka zomwezo, mu 2006, kunabwera thumba la chitukuko la CDF limene aphungu anali ndi mphamvu zambiri pa ilo. Anthu tinazolowera kuona phungu ngati mwini mijigo, mwini milatho, ngakhale wogula mabokosi a maliro. Mu 2025 khoti lalikulu linagamula kuti aphungu kulowerera pa kayendetsedwe ka thumbali n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Choncho phungu wanu mufunseni kuti za mlathowo wakazinena kuti ndipo anamuyankha chiyani, koma khansala ndi a ADC muwafunsenso ngati mlathowo uli pa ndondomeko ya chitukuko ya boma lanu. Muli ndi ufulu wopempha zikalata zimenezi, chifukwa lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza nkhani ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira kuti tizifunsa chaka ndi chaka? Malamulo athu oyendetsera dziko a 1994 anali ndi gawo 64 limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, koma aphungu analichotsa mu 1995. Kuyambira pamenepo, tikavota timadikira zaka zisanu. Pakati pa zaka zisanuzo chimene tatsala nacho ndi pakamwa pathu, ndipo uthenga wa Khirisimasi ndi umodzi mwa mipata yochepa imene mtsogoleri amabwera yekha pabwalo.

Ndikanakhala inu, ndikanayamba ndaimbira bambo. Ndikanawapepesa ngati mawu anga anatuluka ndi ukali, chifukwa iwo ndi amene amakumana ndi anthu a phunguyo kumaliro ndi kutchalitchi, inu muli kutali. Kenako ndikanabwerera pa gulu paja n'kulemba modekha motere: "Olemekezeka, zikomo chifukwa cha mafuno abwino, nanunso Ambuye akusungeni pamodzi ndi banja lanu. Pamene chaka chikutha, tithandizeni kudziwa pamene nkhani ya mlatho wathu yafika. Ana athu akuoloka mtsinje popita kusukulu ndipo mvula yayamba. Kodi mungabwere liti kudzakhala nafe pansi pamodzi ndi akhansala ndi amfumu?" Pemphani anzanu awiri kapena atatu a pagulupo, makamaka amene ali kumudzi komweko, kuti nawonso afunse zomwezo m'mawu awoawo, kuti zisaoneke ngati ndi mkwiyo wa munthu mmodzi wa kunja.

Akayankha, sungani yankholo pafoni panu pamodzi ndi tsiku lake, mudzalitulutse Disembala wa chaka chamawa. Akapanda kuyankha pofika pakati pa Januwale, apempheni bambo anu akaonane ndi wapampando wa VDC kuti nkhaniyo ilembedwe m'kaundula wa msonkhano wotsatira, ndipo mundilemberenso mundiuze mmene zayendera.