Za masewero a Danai Gurira, poyankha funso la aphunzitsi a drama

Aphunzitsi, mwafunsa ngati nzoona kuti mayi uja anasewera Okoye mu filimu ya Black Panther amalembanso masewero a pa siteji, komanso ngati alipo ena mwa masewero akewo amene angathandize ana anu a kalabu ya drama kulemba nkhani zolemera za m'banja, zosangokhalira nthabwala. Nzoona ndithu. Dzina lake ndi Danai Gurira, ndipo kutchuka kwa m'mafilimu kunamupeza atalandira kale mphoto chifukwa cha cholembera chake.

Anabadwa mu 1978 m'tauni yaing'ono ya Grinnell ku Iowa, m'dziko la America. Makolo ake ndi a ku Zimbabwe, bambo mphunzitsi wa chemistry, mayi wogwira ntchito mu laibulale. Mu 1983 banja lonse linabwerera ku Harare, dziko litangotha zaka 3 lili pa ufulu, ndipo Danai anakulira kumeneko mpaka kumaliza sekondale pa Dominican Convent. Kenako anapitanso ku America kukaphunzira psychology pa Macalester College ku Minnesota, n'kudzamalizira ndi maphunziro a zisudzo pa New York University. Choncho mbali zonse ziwiri amazidziwira m'kati: za mwana wakuda wobadwira pakati pa azungu, ndi za mtsikana wa ku Harare amene abale ake ali kumudzi.

Chimene ndikufuna ana anu achione mwa mlembi ameneyu ndi chimodzi. Munthu amene wavulaza anzake, Gurira kawirikawiri samutulutsa pa siteji. Amatisiya m'chipinda ndi anthu ovulazidwawo, tiziwaona akuphika, akukangana, akuseka, akunamizana, pamene mwini chipongwe ali panja. Masewero ambiri a kusukulu amachita mosemphana: bambo woledzera amalowa akudzandira, kumenya mkazi pamaso pathu, oonerera n'kuseka kapena kukuwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Gurira amatiwonetsa mawa lake la nkhanzazo, ndi zaka 30 zotsatira.

Anayamba ndi In the Continuum mu 2005, limene analemba ndi kusewera limodzi ndi mnzake wa kusukulu Nikkole Salter. Muli amayi awiri amene sanaonanepo: Abigail, wowerenga nkhani pa wailesi ya kanema ya boma ku Harare, wapabanja komanso woyembekezera, ndi Nia, mtsikana wa zaka 19 wa ku Los Angeles. Onse awiri auzidwa kuchipatala kuti ali ndi HIV. Atengambali ndi awiri okha, ndipo iwo omwewo amasandulika namwino, sing'anga, mayi, mnzake wa kusukulu, aliyense amene amayiwa akumana naye. Koma amuna amene anawapatsira kachilomboka sawoneka n'komwe pa siteji. Funso lonse la sewero ndi lakuti: kodi ndimuuza bwanji? Seweroli linalandira mphoto ya Obie ku New York.

Eclipsed ndi lowawa kuposa onse. Nkhani yake ikuchitika ku Liberia mu 2003, miyezi yomaliza ya nkhondo yapachiweniweni, pulezidenti Charles Taylor asanachoke pampando. Gurira anaona chithunzi cha asilikali aakazi a zigawenga m'nyuzipepala, ndipo mu 2007 anapita yekha ku Liberia kukacheza ndi amayi amene anadutsa m'zimenezi. Pa siteji pali kachisakasa kobooka ndi zipolopolo, mmene mukukhala "akazi" a mkulu wina wa zigawenga, amene onse anachita kugwidwa. Maina awo anawasiya, amaitanana ndi manambala: Woyamba, Wachitatu. Sewero likamayamba, amayi awiriwa abisa kamtsikana pansi pa bafa lochapira kuti mkuluyo asakaone. Sizitenga nthawi, kapezeka, ndipo kasanduka Wachinayi.

Apa ndi pamene ndimati ana ayang'anitsitse. Mkulu wa zigawengayo sitimuona nkhope, ngakhale mawu ake sitiwamva. Akafuna mkazi, amayi aja amangodukiza zimene amachita, n'kuima pamzere kuyang'ana mbali imodzi. Mmodzi amadziloza pachifuwa ngati akufunsa kuti "ine?", n'kutuluka. Akabwerera amatenga kansanza, kukaviika m'madzi, kudzipukuta, kenako macheza aja n'kupitirira pamene analekezera. Palibe kukuwa, palibe kung'ambirana zovala pamaso pa anthu, koma oonerera amamva zonse. Ndipo m'chisakasa chomwecho muli moyo: amalimbirana zovala zolandidwa kunkhondo motsata ukulu wawo, ndipo kamtsikana kaja, popeza ndi kokhako kodziwa kuwerenga, kamawawerengera buku long'ambika la mbiri ya Bill Clinton, iwo n'kumatsatira nkhani ya m'banja mwake mwachidwi. Wachiwiri anathawa moyo umenewu ponyamula mfuti, ndipo amakopa kamtsikanako kuti mfuti ndiyo ufulu. Kakalowa usilikali kamapeza kuti tsopano ntchito yake ndi kugwira atsikana ena n'kuwapereka kwa amuna. Wina wachisanu ndi Rita, mmodzi wa amayi ovala zoyera amene ankayenda m'misasa kuchonderera mtendere, amene amaumirira kufunsa aliyense dzina limene mayi ake anam'patsa.

Eclipsed linaonetsedwa koyamba mu 2009. Mu 2016 linafika pa Broadway, dera la nyumba zikuluzikulu za zisudzo ku New York, Lupita Nyong'o akusewera kamtsikana kaja, wotsogolera ali Liesl Tommy wa ku South Africa. Linali sewero loyamba kumeneko limene mlembi, wotsogolera ndi atengambali onse anali amayi akuda.

Za mtundu ndi khungu zimaonekera kwambiri mu The Convert la mu 2012. Tili ku Salisbury, Harare wa lero, cha m'ma 1896, nthawi imene Ashona ndi Andebele anaukira atsamunda pa Chimurenga choyamba. Jekesai akuthawa ukwati umene amalume ake amukonzera ndi nkhalamba yamitala. Azakhali ake, Mai Tamba, amubisa m'nyumba imene amagwiramo ntchito, ya katekisiti wachikatolika Chilford, munthu wakuda amene maloto ake onse ndi kudzakhala wansembe. Chilford amusintha dzina kukhala Ester, amuphunzitsa Chingerezi ndi Baibulo, ndipo mtsikanayo akhulupirira ndi mtima wonse. Mai Tamba amapemphera Tikuoneni Maria pamaso pa bwana, kuseri akubisa zithumwa m'nyumbamo ndi kulankhula ndi mizimu ya makolo. M'sewero lonse la utsamundali mulibe mzungu ngakhale mmodzi pa siteji. Wansembe amene analera Chilford timangomumvera m'kamwa mwa Chilford. Utsamunda timauona mu suti yake, mu Chingerezi chake chopindikapindika chimene amanyadira, m'mene amanyansidwira ndi bambo ake omubereka. Chimene ndimalikondera n'chakuti silinyoza chikhristu cha Ester, pakuti ndi chimene chinamupulumutsa ku ukwati wokakamiza, komanso silibisa kuti chikhristu chomwecho chinabwera pamodzi ndi msonkho wa nyumba ndi kulanda malo. Zigawo zambiri zili m'Chishona, osamasulira.

Koma pa zimene mukufuna inu, za m'banja, ndikanati muyambe ndi Familiar, limene linaonetsedwa koyamba ku yunivesite ya Yale mu 2015 ndi ku New York mu 2016. Ndiulula mathero ake, ndiye amene akufuna kudziwerengera yekha alumphe ndime ziwiri zikubwerazi.

Banja la a Chinyaramwira limakhala ku Minnesota, ndipo zinthu zinawayendera. Donald ndi loya, mkazi wake Marvelous ndi katswiri wa sayansi. Mwana wawo wamkulu Tendi, loyanso, akukwatiwa ndi Chris, mzungu wopemphera, wofatsa. Zonse zikuchitikira pabalaza tsiku limodzi la m'nyengo yozizira, ukwati utayandikira. Pachiyambi pomwe pali kanthu kakang'ono kamene kanyamula sewero lonse: Donald amapachika mapu a Zimbabwe pakhoma, Marvelous akalowa amawachotsa, iye akatuluka mwamunayo amawabwezeretsa. Palibe amene akunenapo kanthu. Marvelous analera ana ake osawaphunzitsa Chishona, pofuna kuti asadzasiyane ndi ana a azungu pa chilichonse, ndipo wamng'ono Nyasha, amene wangobwera kumene kukaona Zimbabwe, ali ndi mkwiyo pa chimenechi. Ndiye Tendi, osauza mayi ake, waitanitsa mayi ake aakulu a Anne kuchokera kumudzi kuti adzayendetse mwambo wa roora, malowolo amene abale athu a kumpoto ndi Angoni amawadziwa bwino. Chris alibe mkhalapakati, ndiye agwira mng'ono wake Brad, amene sadziwa n'komwe kuwomba m'manja mwaulemu. Gawo loyambali ndi loseketsa kwambiri.

Gurira sanapange Anne kukhala mngelo wa chikhalidwe. Mayiyu akufunadi ndalama, ndipo sabisa: iye ndiye anatsala kumudzi, kusamala manda ndi abale pamene chuma cha dziko chinkagwa, azing'ono ake akudya bwino kunja. Marvelous nayenso si munthu wongonyoza kwawo. Mkangano ukafika pachimake, chinsinsi chimene chakhala chikunyeka pansipansi ngati moto wa m'mankhusu chimatulukira: Tendi si mwana wobereka wa Marvelous. Mayi ake anali Florence, m'bale wawo wina amene analowa m'nkhondo yomenyera ufulu ndipo anamwalira, ndipo bambo ake ndi Donald yemweyo. Marvelous anatenga mwana wa m'bale wake, wobadwa kwa mwamuna wake, n'kumulera ngati wake kutali ndi dziko limene linamupweteka. Mukabwerera ku mapu aja muona kuti sankachotsa chithunzi chabe. Florence, munthu amene sewero lonse likuzungulira pa iye, satulukira pa siteji, ndipo Zimbabwe naye timangomuona pa pepala lopachikidwa pakhoma.

Sindikuti seweroli lilibe chilema. Kwa ine, kulumpha kuchoka ku phwete la gawo loyamba kufika ku misozi ya gawo lachiwiri kumachitika mothamanga, ndipo kachikondi kamene kamayamba pakati pa Nyasha ndi Brad kamaoneka koikidwira kusangalatsa oonerera a ku America. Njira ya chinsinsi chophulika pa ukwati kapena pa maliro nayonso ndi yakale, ndipo ana akaitengera osaiganizira, sewero lililonse lizithera pa "si bambo ako amenewa". Chimene chimapulumutsa Familiar n'chakuti chinsinsicho chimafotokoza khalidwe la munthu aliyense limene taliona kuyambira pachiyambi: kuuma mtima kwa Marvelous, kukhala chete kwa Donald, kumwa vinyo kwa Margaret, mng'ono wake wa Marvelous. Auzeni ana kuti chinsinsi chimene sichinasiye zizindikiro m'gawo loyamba asachiike m'gawo lomaliza.

Onaninso mmene nkhani ya khungu ikuyendera m'nyumba imeneyi. Chris si mzungu woipa, ndipo palibe amene amatukwana mnzake chifukwa cha mtundu. Tsankho lili m'zisankho zimene Marvelous anapanga zaka zambiri zapitazo poopa mmene dziko lachilendo lidzawaonere ana ake: chilankhulo chimene anawamana, zakudya zimene amaika patebulo, mbiri imene anaikwirira. Abale athu amene akulera ana ku Johannesburg, ku Leeds kapena ku Dublin, amene mwana amayankha m'Chingerezi agogo akamulankhula pa WhatsApp, sangaone zimenezi ngati nkhani ya Azimbabwe okha.

Gurira sanaiwalenso kwawo pa ntchitoyi. Mu 2011 anathandiza kukhazikitsa bungwe la Almasi, limene limaphunzitsa alembi, otsogolera ndi atengambali a zisudzo ku Zimbabwe.

Tsopano za kalabu yanu. Masewero onse anayi anasindikizidwa m'mabuku, ndipo kuwerengera limodzi m'kalasi n'kosavuta, koma mukafuna kuonetsa pagulu pamafunika chilolezo cha eni ake. In the Continuum ndilo losafuna zambiri, atsikana awiri aluso ndi mipando basi, ngakhale lili ndi mawu ena olaula a m'misewu ya Los Angeles amene muyenera kuyamba mwawaona nokha. The Convert ndi lalitali, la magawo atatu, ndipo likufuna wodziwa Chishona. Eclipsed ndingawerenge ndi a Fomu 3 ndi 4 okha, ndipo mosamala, chifukwa m'kalasi iliyonse mungathe kukhala mwana amene zogwiriridwa si nkhani ya m'buku kwa iye. Muwachenjeze zisanayambe, ndipo amene akufuna kutuluka atuluke osafunsidwa chifukwa.

Mukatha kuwerenga Familiar, apatseni ntchito iyi. Aliyense alembe chochitika cha mphindi 10, m'chipinda chimodzi, anthu osapitirira anayi a banja limodzi, akukonzekera chinkhoswe kapena kugawa katundu wa malemu. Pakhale munthu mmodzi amene analakwira banjalo kapena amene banjalo linamulakwira, koma ameneyo saloledwa kulowa, ndipo dzina lake lisatchulidwe mpaka mphindi zitatu zomaliza. Pakhalenso chinthu chimodzi chogwirika, kaya chithunzi, kaya wailesi, kaya makiyi a nyumba, chimene anthu awiri akuchisuntha mosiyana osakambirana. Mukawasonkhanitsa, muwerengetse mokweza ana ena osati olembawo, ndipo mufunse oonerera kuti anayamba kuganizira pa mphindi iti kuti m'nyumbamu muli nkhani.