RX 580 ya 8GB m'ka Dell ka mu ofesi? Tsegulani kaye bokosilo

Pa imelo pabwera funso lochokera kwa wophunzira wina wa ku UNIMA amene amakhala ku Chikanda. Ali ndi Dell OptiPlex 9020 yaing'ono ija, ya i5-4570 ndi RAM ya 8GB, ndipo akufuna azisewera EA Sports FC 24 ndi GTA V. Munthu wina pa Facebook akugulitsa RX 580 ya 8GB, khadi lojambula zithunzi za magemu (graphics card), motchipa, pomwe mnzake akumuuza kuti apirire mpaka ndalama zikwane RTX 4060. Akufunsa kuti atenge iti.

Achimwene, musatenge lililonse mwa makhadi awiriwa. Funso lanu landikhudza chifukwa makompyuta ambiri amene anyamata akusewerera magemu kuno ku Zomba ndi omwewa, a mu ofesi, a kaunjika, ndipo ndalama zikutayika pa njira imodzimodzi. Munthu amayamba ndi dzina la khadi, n'kudzatsegula bokosi katundu atafika kale.

Chotsani chitseko cha pambali, muwerenge sitika ya pa power supply. Pa 9020 yaing'ono mupeza 255W. Processor yanu ikamagwira ntchito mwamphamvu imafika 84W, RX 580 imafuna 185W. Kuphatikiza ziwirizi ndi 269W, ndipo sitinawerengere motherboard, hard disk ndi mafani. A AMD eni ake amalangiza power supply ya 500W pa khadi limeneli. Chomwe chimachitika n'chakuti kompyuta imayaka bwinobwino, Windows imatseguka, mumalowa m'gemu, ndiye mpira ukangoyamba zonse thii. Ambiri amathamangira kunena kuti khadi ndi lakufa, pomwe ndi power supply imene ikudziteteza.

Kungofika pamenepo n'kovuta kale. Malo amene khadi limalowa pa motherboard, aja a PCIe x16, amapereka 75W basi. Khadi lofuna zoposa pamenepo limadya kudzera pa waya wakewake: wa 6-pin umawonjezera 75W, wa 8-pin umawonjezera 150W. RX 580 zambiri zimafuna wa 8-pin, ndipo power supply ya Dell yanu ilibe waya umenewu. Apa ndi pamene wogulitsa amatulutsa kaadaputa kochoka pa waya wa SATA kupita ku 8-pin, n'kukuuzani kuti kamagwira bhobho. Pulagi ya SATA inapangidwa kuti izinyamula pafupifupi 54W pa mzere wa 12V. Mukaikakamiza kudutsitsa zoposa 100W, timapini take timatentha, pulasitiki imayamba kuda n'kusungunuka, ndipo chizindikiro choyamba chimakhala fungo. M'kachipinda ka ku Chikanda kamene muli matiresi, mabuku ndi zovala pamalo amodzi, imeneyo si nkhani yoseweretsa. Munthu wogulitsa kaadaputa kotere kwa wophunzira, akudziwa khadi limene kakukadyetsa, ine sindimuwerengera m'gulu la amisiri.

Mwina mukuganiza zongosintha power supply. Pa 9020, waya waukulu wopita ku motherboard ndi wa mapini 8 wa Dell yokha, osati wa mapini 24 umene uli pa makompyuta wamba. Adaputa yake ilipo, koma power supply wamba sikwana m'bokosimo, ndiye imathera pa tebulo, mawaya ali panja. Khadi nalo silikwana: bokosi laling'ono limalandira makhadi afupiafupi otchedwa low profile, pomwe RX 580 ndi yaitali, yotambalala, ya mafani awiri. Chitseko sichitsekeka, fumbi likulowa mmene lafunira.

Tsopano za 8GB zimene zakukopanizo. Nambala imeneyi yapusitsa anthu ambiri kuposa china chilichonse pa msika wa makhadi. Ma GB ndi kukula kwa nkhokwe, si mphamvu ya wolima. Pali GT 730 yolembedwa 4GB imene ogulitsa amaitchula monyadira, koma chip yake ndi yofooka kwambiri moti GT 1030 ya 2GB imaisiya kutali. GT 1030 yomweyo ili mitundu iwiri potengera memory yake, ya GDDR5 ndi ya DDR4, dzina limodzi, katoni yofanana, koma ya DDR4 imatsalira kwambiri m'magemu. Pali RX 580 yolembedwa 2048SP, imene inapangidwira msika wa ku China: ili ndi ma shader (timagawo ta chip timene timajambula chithunzi) 2048 ngati RX 570, pomwe RX 580 yeniyeni ili ndi 2304. Zambiri zotchipa zimene mukuziona pa intaneti ndi zimenezi. Choipitsitsa ndi GTX 1050 Ti yabodza. Amatenga khadi lakalekale ngati GTS 450 la 2010, n'kusintha BIOS yake, kapulogalamu ka m'kati mwa khadilo, kuti Windows izilitchula dzina latsopano. Mukaona 1050 Ti ili ndi pobayira waya wa VGA, kabuluu kaja, kayikirani pomwepo, chifukwa makhadi a GTX 10 anasiya kutulutsa chithunzi cha analog. Pulogalamu yaulere ya GPU-Z imaulula zonse: 1050 Ti yeniyeni imaonetsa ma shader 768, GTS 450 ili ndi 192 okha.

N'chifukwa chiyani RX 580 yatchipa chonchi? Inatuluka mu 2017, ndipo anthu okumba ndalama za crypto anaigula mwaunyinji. Ethereum, imodzi mwa ndalamazo, itasiya kukumbidwa ndi makhadi mu Seputembala 2022, makhadi amenewo anakhuthukira pa msika. Sikuti lililonse ndi lowonongeka. Koma linayaka usana ndi usiku kwa nthawi yaitali, ndiye mafani amakhala atatopa, thermal paste (phala lochotsa kutentha pa chip) itauma, ndipo ena BIOS yawo inasinthidwa kuti igwirizane ndi ntchito yokumbayo, zomwe zimachititsa kuti driver wamba, pulogalamu yoyendetsa khadilo pa Windows, akane kulowa. Khadi la kaunjika lililonse, kaya ndi la mtundu wanji, musalipire pa Airtel Money kapena Mpamba musanalione likugwira. Ngati wogulitsa ali ku Limbe kapena ku Blantyre, ndalama ya minibasi ndi yochepa poyerekeza ndi imene mungataye. Alibaye pa kompyuta inu mukuona, mutsegule GPU-Z, kenako muyendetse FurMark, pulogalamu yolemetsa khadi, kwa mphindi 15. Kutentha kukapitirira madigiri 85, fani ikamalira ngati ikukhula penapake, kapena pa sikirini pakamaoneka timadontho ndi timizere tamitundumitundu, bwererani ndi ndalama zanu. Wokana kuyesetsa katundu wake wakuyankhani kale.

Mnzanu wa RTX 4060 uja naye walakwitsa, ngakhale khadi lake ndi labwino. Limadya 115W zokha, koma izi zikuposabe 75W, ndiye vuto la waya lili pomwepo. Tinene kuti mwalithetsa. i5-4570 ndi ya 2013, ya ma core anayi. Zofunika zochepetsetsa zimene a EA analemba pa FC 24 ndi i5-6600K kapena Ryzen 5 1600, pamodzi ndi GTX 1050 Ti kapena RX 570. Processor yanu ili kale pansi pa mzerewo. Processor ndiyo imawerengera kumene osewera 22 akuthamangira ndi kumene mpira ukupita, khadi limangojambula zimene lauzidwa. Ikamachedwa, khadi lodulalo limangodikira. Mutsegule Task Manager gemu ili mkati: CPU (processor) ikakhala pa 100% pomwe GPU (khadi) ili pa theka, kuwonjezera mphamvu ya khadi sikusintha kanthu. Ndipo ngati monita yanu ndi ya 60Hz, mafelemu opitirira 60 pa sekondi simuwaona n'komwe. Onjezani pamenepo kuti a Microsoft anasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imavomereza ma Intel Core kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, pomwe yanu ndi ya wachinayi. Kuika khadi lodula m'makina oterewa ndi kuwononga ndalama, ndipo pa izi sindisintha maganizo.

Nkhani yosunga ndalama nayo ili ndi msampha wake. Makhadi amagulidwa kunja pa madola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44% mu Novembala 2023, aliyense amene ankasunga makwacha kuti adzagule katundu wotere anangoona mtengo ukumuthawa. Ngati mukusungira chinthu chachikulu, muzigula zigawo zimene sizikalamba msanga, monga bokosi, power supply ndi SSD, ndalama ikangopezeka.

Magetsi nawo tisawaiwale. Kuzima kwake sikumene kumapha zipangizo kwambiri, koma mmene amabwerera, ndi ziphaliwali za nthawi ya dzinja. Surge protector yeniyeni, osati ekisitenshoni wamba ya masoketi anayi, ndi yotchipa kuposa khadi lililonse limene tatchula. Magetsi akazima, zulani pulagi pakhoma. Ngati muli ndi UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, dziwani kuti ya 650VA imanyamula pafupifupi 360W mpaka 390W, osati 650W. Kompyuta ya khadi laling'ono pamodzi ndi monita imakupatsani mpata wosunga gemu n'kuzimitsa bwino, koma ya khadi lolusa imaigwetsa nthawi yomweyo. Khadi lodya pang'ono limathandizanso kwa amene amagwiritsa inverter ndi batire, komanso mayunitsi sathera njira. Kutentha kwa Okutobala ndi fumbi la m'misewu ya kuno zimatseka timipata ta heatsink (chitsulo choziziritsa chip) msanga, ndiye miyezi ingapo iliyonse muzipemerera fumbi, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire yokha.

Nanga mugule chiyani?

Ngati Dell ikhalebe, mukufuna khadi la low profile losafuna waya wowonjezera. Nawa atatu: RX 6400 ya 4GB imene imadya 53W, GTX 1650 ya 4GB ya 75W, ndi RTX 3050 ya 6GB ya 70W, imene ndi yamphamvu pa atatuwa. Samalani, 3050 ya 8GB ndi khadi lina, la 130W. Musanagule, yezani mpata ndi rula, chifukwa m'mabokosi ambiri amtunduwu malo a x16 ali moyandikana ndi power supply, moti khadi lonenepa lotenga mipata iwiri silikwana. RX 6400 imapezeka yopyapyala, ya mpata umodzi. Kuipa kwake n'kwakuti imagwiritsa mizere inayi yokha ya PCIe, ndiye pa PCIe 3.0 ya makina anu imadodoma 4GB ikadzaza: ikani ma texture pa medium. Ilibenso chojambulira vidiyo cha H.264, choncho ngati mukufuna kumaika magemu anu pa YouTube kapena TikTok, tengani la Nvidia. Ndalama yotsala ipite ku RAM ya DDR3 kuti ifike 16GB, timitengo tiwiritiwiri tofanana, ndi SSD. GTA V idzayenda bwino pa 1080p. FC 24 idzayenda, koma kudodoma kwa apa ndi apo kudzakhalapo chifukwa cha processor.

Ngati ndalama zingafike pa RTX 4060, gulitsani Dell mumange makina wamba: Ryzen 5 5600 kapena i5-12400F, power supply ya 550W ya kampani yodziwika ngati Corsair kapena Seasonic, ndi RX 6600 ya 8GB imene imadya 132W.

Tsiku loika khadi, zulani pulagi, mukanikize batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Onetsetsani kuti m'katoni muli kachitsulo kafupi kakumbuyo, chifukwa makhadi ena amabwera atamangidwa kakatali. Waya wa monita ubayidwe pa khadi, osati pa motherboard pamene unali kale. Ngati monita ndi ya VGA yokha, mugule chosinthira cha HDMI kupita ku VGA. Driver mutenge pa tsamba la AMD kapena Nvidia, ndipo mukhale ndi bandulo yokwanira chifukwa fayilo yake imapitirira 500MB.