Funsani za Mpira: Carles Puyol ndi zaka 15 pa timu imodzi

Funso: Timatsutsana ndi anzanga kumalo oonera mpira. Ena akuti Puyol anasewerako ku Italy asanapume. Kodi n'zoona? (Wowerenga wa ku Mzuzu)

Ayi bambo, anzanuwo akulakwitsa. Puyol sanavalepo yunifolomu ya timu ina yaikulu kupatula Barcelona. Anabadwa pa 13 April 1978 m'tauni yaing'ono ya La Pobla de Segur ku Catalonia, ndipo kumeneko anayamba ngati goloboyi. Atavulala phewa anachoka pagolo n'kumasewera kutsogolo. Mu 1995 analowa sukulu ya mpira ya Barcelona, yotchedwa La Masia, kumene anamuika pakati kenako kumbuyo kumanja.

Akanachoka akadali wamng'ono. Barcelona inavomera kumugulitsa ku Málaga, koma iye anakana ataona mnzake Xavi akulowa m'timu yaikulu. Mphunzitsi Louis van Gaal ndiye anamupatsa mpata pa 2 October 1999 pa masewera a ku Valladolid, omwe anapambana 2-0. Kuchokera tsiku limenelo mpaka 2014 anasewera masewera 593, natenga ligi ya Spain kasanu ndi kamodzi, Copa del Rey kawiri ndi Champions League katatu. Ukaputeni anaulandira mu 2004 Luis Enrique atapuma.

Funso: Ndimaphunzitsa timu ya anyamata osapitirira zaka 17. Wotchinga kumbuyo wanga wabwino kwambiri ndi wamfupi, ndipo ndimaopa kumuika pakati. Puyol ankatha bwanji? (Mphunzitsi wa ku Dedza)

Aphunzitsi, musamuchotse mnyamatayo chifukwa cha msinkhu. Puyol anali wa mamita 1.78, pamene mnzake Gerard Piqué amapitirira 1.90. Koma mipira ya m'mwamba ankaitenga, ndipo njira zake n'zophunzitsika.

Mpira wa kumutu sautenga wamtali, amautenga amene wadumpha pa nthawi yake. Wamfupi akaima chilili pansi pa mpira n'kudumpha ndi miyendo yonse iwiri, waluza kale. Ayenera kubwerera kumbuyo pang'ono, kuthamanga masitepe awiri kapena atatu, n'kunyamuka ndi mwendo umodzi kuti akumane ndi mpira usanatsike. Onani chigoli chake cha pa 2 May 2009 pa bwalo la Bernabéu, tsiku limene Barcelona inathambitsa Real Madrid 6-2. Xavi anaponya mpira wa faulo, Puyol anabwera akuthamanga n'kuusumira ndi mutu mu ukonde. Cha ku Durban mu 2010, akusewerera dziko lake la Spain, chimene chinatulutsa Germany mu World Cup, chinali chotero, kona ya Xavi yemweyo. Akamatchinga ankamugunda pang'ono ndi thupi wosewera wa kutsogolo mpira ukadali m'mwamba, kuti asapeze liwiro lodumphira. Apa chenjerani: mnyamata akakankha ndi manja m'bokosi, oimbira apereka penate. Agwiritse phewa ndi chifuwa, manja akhale pansi.

Polimbana ndi wodziwa kudyetsa njomba, Puyol sankaima moyang'anizana naye ndi miyendo yotangadza. Ankaima chammbali, phazi limodzi patsogolo, mawondo atapinda, n'kumamukankhira kunja kwa bwalo kapena ku mwendo wake wofooka. Phazi ankaliponya pokhapokha mpira ukatalikirana ndi mwiniwake. Anyamata ambiri amalakwa pomwepa, amagwa pansi msanga pofuna kuti anthu awaombere m'manja, ndiye akadutsidwa kumbuyo kulibe munthu. Dzina la Puyol linamveka mu October 2000 pamene anapatsidwa ntchito yolondalonda Luís Figo, yemwe anali atachoka ku Barcelona, atabwera koyamba ku Camp Nou, bwalo la Barcelona, ngati wosewera wa Real Madrid. Anamukakamira ngati nkhupakupa, ndipo Barcelona inapambana 2-0.

China ndi pakamwa. Barcelona ya mphunzitsi Pep Guardiola inkakankhira otchinga kumbuyo mpaka pakati pa bwalo, motero kumbuyo kwawo kunkatsala malo aakulu. Kasewereka kotere kamafuna lamulo limodzi: mmodzi akapita kukalimbana ndi mpira, mnzake abwerere pang'ono kukatseka mpata. Akapita onse awiri, mpira umodzi wodutsa pakati wawapha. Puyol ankalankhula nthawi zonse, ngakhale timu ikutsogola ndi zigoli zambiri, ndipo Piqué ankadzudzulidwa akangoti maganizo achoke. Mnyamata wanu muphatikizeni ndi wamtali wodekha pa mpira, ndipo amene azilamula mzere akhale wamfupiyo.

Mumuphunzitsenso malo ena. Pa fainolo ya Champions League ya 2009 ku Rome, Dani Alves ndi Éric Abidal anali oletsedwa kusewera chifukwa cha makadi, Rafael Márquez atavulala. Puyol anabwerera kumanja kumene anayambira, Yaya Touré n'kukhala pakati ndi Piqué, ndipo Manchester United ya Cristiano Ronaldo inagonja 2-0.

Funso: N'chifukwa chiyani chikho cha Champions League cha 2011 anachinyamula Abidal pamene kaputeni anali Puyol? (Wowerenga wa ku Chipata)

Abidal anali atachitidwa opaleshoni yochotsa chotupa pa chiwindi mu March chaka chomwecho, koma pofika May anasewera fainolo yonse ku Wembley. Puyol sanayambe nawo chifukwa bondo linkamuvuta, malo ake anasewera Javier Mascherano, ndipo iye analowa kutatsala mphindi zochepa. Atapambana 3-1, anavula lamba wa ukaputeni n'kumuveka Abidal kuti akalandire chikho ndiye. Ife timaona kuti palibe chimene chimaonetsa bwino ukaputeni wake kuposa ichi.

Funso: Anapuma bwanji pamene kontrakiti inali isanathe? (Wowerenga wa ku Johannesburg)

Thupi linakana, mayi. Kontrakiti yake inkathera mu 2016, koma zaka zake zomaliza zinadzaza ndi kuvulala. Mu 2012 anathyoka fupa la patsaya, ndipo mu October chaka chomwecho anagwa moipa pa masewera a Benfica ku Lisbon n'kuguluka chigongono. Vuto lalikulu linali mawondo, omwe anachitidwa maopaleshoni angapo. Wosewera amene amadalira kudumpha, kutembenuka msanga ndi kudziponya kutsogolo kwa mpira sangabise bondo lowonongeka. Likatupa pambuyo pa masewera amodzi, sabata yotsatira sangachite nawo zokonzekera, ndipo mphamvu zimatsika.

Pa 2 March 2014 anamwetsa chigoli chake chomaliza, Barcelona itagonjetsa Almería 4-1. Patapita masiku awiri analengeza kuti achoka nyengo ikatha, ali ndi zaka 35, n'kusiya zaka ziwiri za kontrakiti. Anakhalabe ku Barcelona monga wothandizira Andoni Zubizarreta pa ntchito yoyendetsa za osewera, koma anatula pansi udindowo mu January 2015 Zubizarreta atachotsedwa.